Gitala ya Magetsi Yosaboola M'thumba

M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa malire a mayiko, Mike Rutherford, woyimba gitala wa bandi ya ku England yotchedwa Genesis, anatsekeredwa mumzinda wa Cape Town ku South Africa, magitala ake odula atatsala kwawo. Poti manja ozolowera nsambo sakhala phee, mkuluyu anagula Squier Bullet Stratocaster, gitala yomwe makolo amagulira ana ongophunzira kumene, ya mtengo wa madola pafupifupi 200 a ku America. Anaikonda kwambiri moti Genesis itanyamuka ulendo wake womaliza wa zoyimbayimba, womwe unakathera ku London mu Malichi 2022, gitala ija anakwera nayo pansanja pamaso pa chinamtindi cha anthu.

Ogulitsa magitala otchipa amaikonda nkhaniyi, ndipo ndi yoona. Koma pali mbali yomwe amaidumpha. Rutherford ali ndi mmisiri wolembedwa ntchito yoyang'anira magitala ake basi, munthu woti gitala isanafike m'manja mwa bwana wake amayamba waiwongola khosi, kuisalaza ndi kuichuna. Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Chipata yemwe wakhala akusunga ndalama chaka chathunthu alibe mmisiri wotere. Komiti ya mpingo yomwe yatuma munthu kukagula zida za bandi ndi ndalama za pepa sande nayonso ilibe. Anthu amenewa akufuna gitala yomwe imatuluka m'katoni ili kale bwino, n'kukhalabe choncho zaka zisanu ikukwera minibasi, ikuwambidwa ndi dzuwa la Okutobala, ikusinthana manja a anyamata anayi Lamulungu lililonse. Nkhani ino ikukhudza gitala yoteroyo.

Poyambira pabwino ndi pa Leo Fender mwini wake. Bamboyu anali wokonza mawailesi mumzinda wa Fullerton ku California, ndipo kuyimba gitala sankadziwa n'komwe. Pomwe ankatulutsa gitala yomwe mu 1951 inapatsidwa dzina lakuti Telecaster, kenako Stratocaster mu 1954, nzeru zake zinali za munthu wa m'fakitale: thupi la thabwa lathyathyathya lodulidwa ndi makina, khosi lopangidwa palokha n'kumangidwa ndi masikuluwu anayi, mawaya onse oikidwa poti munthu angafikepo ndi sikuludiraiva. Khosi likapindika, amangomasula n'kuikapo lina. Kampani ya Gibson, yomwe inatulutsa Les Paul mu 1952, inatsata njira ya amisiri akale, yomata khosi ndi guluu ndi kusema pamwamba pa thupi kuti patukuke. Ntchito yotere imadya nthawi, ndipo nthawi ndiyo imakweza mtengo. N'chifukwa chake mpaka lero, ndalama zikakhala zochepa, gitala ya kapangidwe ka Fender imatuluka bwino kuposa ya kapangidwe ka Gibson. Mwini wake anaikonza kuchokera pachiyambi kuti izipangidwa mwachangu ndi motchipa.

M'zaka za m'ma 1970, magitala a ku Japan a mayina monga Tokai ndi Greco, okopera ndendende a ku America, anafika pabwino moti oyimba ambiri ankati akuposa eni akewo. Fender itaona msika ukuipulumuka, mu 1982 inagwirizana ndi anthu a ku Japan kuti aziipangira magitala, ndipo otsika mtengo inawapatsa dzina lakuti Squier, lomwe linali la kampani yakale yopanga nsambo imene Fender inagula mu 1965. Gibson inali itagula kale Epiphone mu 1957, ndipo m'kupita kwa nthawi dzinalo linasanduka la magitala ake otchipa opangidwa ku Asia. Ntchitoyi inachoka ku Japan kupita ku Korea, kenako ku China ndi ku Indonesia, kulondola komwe malipiro a antchito ali otsika.

Lero kampani imodzi ya ku Korea, Cor-Tek, yomwe ili ndi fakitale yaikulu kufupi ndi Surabaya ku Indonesia, imapanga magitala a dzina lakelake la Cort, komanso imapangira makampani ena monga Ibanez, Squier ndi PRS. Matabwa amadulidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo makina alibe nazo ntchito kuti pamutu pa gitalayo padzalembedwa dzina la ndani. Ndiye ndalama zosiyanitsa gitala ya madola 200 ndi ya madola 2,000 zimapita kuti? Zina zimalipira dzina, zina malipiro a wantchito wa ku Corona ku California kapena ku Nashville, zina zitsulo zabwinopo. Koma gawo lomwe zala za woyimba zimalimva tsiku ndi tsiku ndi maola omwe munthu wakhala pabenchi, tupa ili m'manja, akumalizitsa zomwe makina sangathe.

Tizitsulo topingasa pakhosi la gitala, ma fret, timakhomedwa ndi makina, koma kuti tonse 21 kapena 22 tikhale tofanana msinkhu pamafunika diso ndi dzanja. Kamodzi kokha kakatukuka pang'ono, nsambo imakagunda n'kumalira mosasa, mwinanso kufa mawu pamalo pomwepo. Kuti zimenezi zisamveke, fakitale yothamanga imangokweza nsambo zonse m'mwamba, ndiye wophunzira amalimbana nazo mpaka zala kutuluka matuza, kenako n'kugwa ulesi, gitala n'kukagona pansi pa bedi. Chinanso ndi kachidutswa koyera ka kumutu komwe nsambo zimadutsa m'timipata, nut. Timipata take tikakhala tothina, nsambo imakakamira pochuna, n'kudzamasuka yokha nyimbo ili mkati. Oyimba ambiri zikatere amanamizira makiyi ochunira, ena mpaka kugula atsopano, pomwe vuto likanatha ndi mphindi khumi za tupa ndi kupakamo mtovu wa pensulo.

Apa m'pamene wogula ayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali zofooka zomwe zingakonzedwe mawa. Pickup (chotola mawu a nsambo) yosasangalatsa, chokwezera mawu chomwe chikukhadzula, polowetsa chingwe pomwe pakugwedera, zonsezi wokonza mawailesi wapamsika wokhala ndi chowotcherera mawaya angathane nazo. Koma khosi lopotoka, kapena ma fret okhomedwa mwachisawawa, ndi matenda obadwa nawo, ndipo m'matauni ambiri akuno mmisiri wodziwa kuwachiza ndi wosowa.

Ikayezedwa ndi muyeso umenewu, gitala yomwe nkhani ino ikuiika patsogolo ndi Yamaha Pacifica 112V. Mtundu wa Pacifica unayamba mu 1990, utakonzedwa ndi amisiri a Yamaha a ku California, Rich Lasner ndi Leo Knapp, ndipo poyamba unali wa akatswiri a m'masitudiyo. Mu 1993 kunabwera 112, ya anthu wamba. Panthawiyo magitala ambiri otchipa ankapangidwa ndi pulayiwudi wobisidwa ndi penti wochindikala, koma Yamaha inagwiritsa ntchito thabwa lenileni la alder, lomwe Fender imaika pa Stratocaster, ndipo ena inkawagulitsa ongopaka vanishi kuti aliyense adzionere yekha thabwalo. Kuchokera nthawi imeneyo aphunzitsi a gitala m'mayiko ambiri akhala akuitchula Pacifica akafunsidwa zoti mwana agulirwe chiyani, ndipo chifukwa chake n'chosasangalatsa kumva koma n'chofunika: magitala khumi a mtunduwu akatulutsidwa m'makatoni, pafupifupi onse amakhala ofanana. Kwa munthu yemwe akutuma m'bale wake ku Johannesburg kapena ku Manchester kuti amugulire gitala yomwe iye sanaigwirepo, kufanana kumeneku n'kofunika kuposa china chilichonse. M'masitolo a ku America zaka zaposachedwapa 112V yakhala ikugulitsidwa pa madola 300 ndi kanthu.

Ubwino wake wachiwiri uli pa ma pickup. Pickup ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa woonda kwambiri, maulendo pafupifupi 8,000 pa Stratocaster yachikale. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pake, m'wayamo mumabadwa mphamvu yochepa ya magetsi yomwe ampu imaikuza. Ya koyilo imodzi, single coil, imatulutsa mawu akuthwa ndi oyera, oti nsambo iliyonse imamveka payokha ngakhale zala zikuthamanga chotani. Amenewa ndi mawu omwe khutu la kuno linazolowera. Aliyense wokula akumva sungura ya Khiama Boys, gulu la Nicholas Zakaria lomwe Alick Macheso anadutsamo, onse awiri mizu yawo ili ku Malawi, kapena lidi ya Diblo Dibala pa nyimbo za ku Congo, kapena rizimu yodukizadukiza ya reggae ya ku Chileka, akudziwa kuti gitala ya nyimbo zimenezi imayenera kuboola pakati pa ng'oma ndi bezi popanda matope.

Vuto la koyilo imodzi ndi lakuti imatolanso mng'ung'udzo wa magetsi a m'nyumba. M'tchalitchi momwe mawaya anayalidwa mwachidule, kapena pa ukwati pomwe zida zonse zikudya kuchokera ku jenereta imodzi, gitala ikhoza kumalira kuti mmm ngakhale woyimba sanaikhudze. Seth Lover wa ku Gibson anapeza mankhwala ake m'zaka za m'ma 1950 pophatikiza makoyilo awiri okulungidwa mosemphana kuti phokosolo lizizimana lokha. Imeneyi ndiyo humbucker, yomwe inaikidwa pa Les Paul kuyambira 1957. Mawu ake ndi onenepa, olemera, abwino pa rock ndi pa lidi yokoka ya nyimbo zauzimu za masiku ano, koma pa sungura amamveka ngati atsekedwa pakamwa. Pacifica 112V ili ndi zonse ziwiri: makoyilo amodziamodzi awiri kufupi ndi khosi ndi pakati, humbucker kumunsi. Ndipo chosinthira mawu chake chikakokedwa m'mwamba, humbucker ija imazimitsa koyilo imodzi n'kuyamba kulira mwakuthwa. Woyimba mmodzi yemwe m'mawa ali kutchalitchi, masana ku chinkhoswe, usiku kubandi ya kumalo achisangalalo, amakwanitsa zonsezi ndi gitala imodzi. Mng'ono wake, Pacifica 012, ndi wotchipirapo ndipo khosi lake ndi labwinobe, koma ma pickup ake ndi otsikirapo ndipo chosinthira chokoka chija alibe.

Chomwe anthu amaidandaula Pacifica ndi nkhope. Ilibe mbiri ya akatswiri a gitala monga Jimi Hendrix kapena Eric Clapton kumbuyo kwake, ndipo mnyamata wofuna kujambulitsa chithunzi cha pa Facebook amaona ngati yachepa ulemu. Dandaulo limeneli si lopusa kwenikweni. Gitala yomwe mwini wake amasangalala kuiyang'ana amainyamula kawirikawiri, ndipo yonyamulidwa kawirikawiri ndiyo imaphunzitsa munthu.

Kwa wotere, Squier ndiyo njira, koma dzinali lili ndi makwerero. Pansi pali Sonic, yomwe inalowa m'malo mwa Bullet mu 2023. Pamwamba pake pali Affinity, ya thupi lopyapyala pang'ono kusiyana ndi Stratocaster yeniyeni. Awiriwa amatha kutuluka abwino, koma amafunika kusankha ndi manja, chifukwa ina imabwera yosalala, inzake ma fret akuthwa m'mbali. Kenako pali Classic Vibe, yomwe inayamba mu 2008, ya madola 400 mpaka 500, ndipo apa m'pamene Squier imasiya kukhala gitala yophunzirira. Ma pickup ake ndi a maginito a alnico monga a Fender akale, ndipo pakati pa phokoso la bandi ndi anthu ochepa omwe angaisiyanitse ndi Fender Player ya ku Ensenada ku Mexico, yomwe mtengo wake ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Pagulu lonseli, Classic Vibe Telecaster ndiyo yolimba mutu. Ili ndi ma pickup awiri, bridge yake, pomwe nsambo zimagwirira kumunsi, ndi yokhomerera ku thupi, mulibe masipuling'i, ndipo nsambo imodzi ikaduka pakati pa nyimbo zisanu zotsalazo zimakhalabe pa kiyi. Chodandaulitsa n'chakuti kumbuyo kwa khosi lake kunapakidwa vanishi wonyezimira yemwe amamata dzanja likachita thukuta, zomwe woyimba wa ku Nsanje kapena ku Tete angazizindikire msanga.

Epiphone Les Paul ili ndi okonda ake, ndipo kuyambira 2020, pomwe kampaniyi inakonzanso magitala ake kuti afanane kwambiri ndi a Gibson, mtundu wa Standard wakhala wabwino zedi. Nsambo zake n'zofewerapo chifukwa utali wake kuchokera pa nut kufika pa bridge ndi mainchesi 24.75, pomwe wa Fender ndi Pacifica ndi 25.5. Koma mtengo wake umaposa madola 600, kulemera kwake kumafika makilogalamu 4 kapena kuposerapo, zomwe phewa limazimva pa mapemphero a usiku wonse, ndipo mutu wake ndi wopendekera kumbuyo. Les Paul ikagwa chagada kuchoka pomwe inatsamiritsidwa, pamathyoka ndi pakhosi pomwepo, ndipo khosi lomata silimasulidwa ndi sikuludiraiva. Ma Les Paul otchipitsitsa a Epiphone, a khosi lomanga ndi masikuluwu, mawonekedwe okha ndiwo a Les Paul, ndipo pa mtengo umenewo Pacifica imawasiya kutali.

Msampha waukulu kwa achinyamata ndi magitala osongoka okhala ndi bridge yoyandama ya mtundu wa Floyd Rose, yomwe imalola woyimba kugwetsa mawu mpaka pansi ndi kandodo kachitsulo. Pa gitala yodula chipangizochi chimagwira ntchito bwino. Pa yotchipa, chitsulo chake n'chofewa, mipeni yomwe chimayendapo imatha msanga, ndipo gitala imaleka kubwerera pa kiyi. Kusintha nsambo kumafuna maalenki ndi ola lathunthu, ndipo imodzi ikaduka, zonse zimasokonekera nthawi yomweyo. Wakabaza wanzeru pogula njinga sayang'ana magiya ambiri, amayang'ana yomwe masipoko ndi maekiselo ake angawapeze pamsika uliwonse, ndipo wogula gitala kuno ayenera kuganiza chimodzimodzi. Ibanez ili ndi makosi opyapyala omwe a zala zothamanga amawakonda, ndipo mtundu wake wotchipa wa GIO ndi wabwino ndithu, bola wogula asankhe ya bridge yokhomerera kapena yachikale.

Mayina ena ndi ongodutsapo. Cort imapereka zitsulo zabwino pa mtengo wotsika chifukwa fakitale ndi yake yomwe. PRS SE, yomwe inayamba mu 2001, imamalizidwa mwaukhondo koma ili kale pa mtengo wapakati. Harley Benton, dzina la sitolo yaikulu ya Thomann ya ku Germany, imatchipa modabwitsa, koma mphamvu yake yagona pakuti wogula wa ku Ulaya akalandira yolakwika amaibweza. Wa ku Mzuzu mwayi umenewo alibe. Ndipo kwa omwe amachita manyazi ndi dzina losatchuka pamutu pa gitala, woyimba wotchuka Prince anayimba zaka zambirimbiri ndi gitala ya Hohner, yokopera Telecaster, yopangidwa ku Japan.

Za matabwa anthu amakangana mpaka kutha mawu, koma pa gitala ya magetsi ma pickup, ampu ndi zala zimasintha kamvekedwe kuposa mtundu wa thabwa. Chofunika n'chakuti thabwalo likhale louma bwino ndiponso losalemera mopambanitsa. Chochititsa chidwi n'chakuti magitala ambiri olembedwa kuti ndi a mahogany amapangidwa ndi mitengo ya ku Africa ya banja la Khaya, abale ake a mbawa wathu yemweyu. Ndipo mu 2017, pangano la mayiko la CITES litakhwimitsa malonda a mitengo yonse ya banja la Dalbergia, momwe muli rosewood komanso phingo, makampani ambiri anasiya kuika rosewood pamwamba pa khosi la magitala otchipa n'kuyamba kugwiritsa ntchito laurel ndi pau ferro. Lamuloli linafewetsedwa pa zida zoyimbira mu 2019, koma Squier inapitiriza ndi laurel. Wogula akaona thabwa lapakhosi lotuwirapo asaganize kuti amubera.

Kuberedwa kwenikweni kuli pa magitala achinyengo. Mu Novembala 2024 akuluakulu oona za katundu wolowa m'dziko la America analengeza kuti agwira magitala abodza oposa 3,000 olembedwa Gibson padoko la Los Angeles ndi Long Beach, omwe akanakhala enieni mtengo wake ukanaposa madola 18 miliyoni. Ngati afika chotere ku America, kuno sangalephere kufika. Gibson ya magetsi yeniyeni imapangidwa ku America kokha ndipo yatsopano sipezeka pa mtengo wa foni. Kachivindikiro ka pamutu pake, kooneka ngati belu, kamamangidwa ndi masikuluwu awiri, pomwe pa zabodza zambiri amakhala atatu. Squier kapena Epiphone yeniyeni imaposa Fender kapena Gibson yabodza pafupifupi nthawi zonse, chifukwa kumbuyo kwake kuli kampani yomwe ikuteteza mbiri yake. Nawonso makatoni a zonse pamodzi, momwe mumakhala gitala ya dzina losadziwika, kaampu kakang'ono, lamba ndi chingwe, nthawi zambiri amathera pa chisoni: ndalama yomwe ikanagula chinthu chimodzi chabwino imamwazikira pa zinthu zisanu zofooka.

Gitala ikakhala pamaso, kaya m'sitolo ya ku Limbe kaya pakhonde la munthu yemwe akugulitsa yake, wogula wodekha amayamba asanailumikize ku ampu. Amaiimika, n'kuyang'ana kuchokera kumutu kutsetsereka ndi khosi, diso limodzi atatsinzina, kuona ngati mbali ziwiri za khosilo zikuyenda mofanana kapena ina yapotokera kwina. Kenako amakanikiza nsambo yaikulu pa fret yoyamba ndi chala cha dzanja limodzi, pa fret yomaliza ndi chala cha dzanja linalo, n'kusuzumira pakati, cha pa fret ya 7 kapena 8. Payenera kutsala kampata koti kakhadi ka mayunitsi a foni kalowe mothina. Kampata kakakula kapena kakasowa, si mlandu waukulu, chifukwa m'kati mwa khosi muli ndodo yachitsulo, truss rod, yomwe imawongola zimenezi. Mlandu ndi pomwe ndodoyo yagwira dzimbiri kapena mutu wake unadyeka, ndiye wogulitsa apemphedwe kuizunguza pang'ono wogula akuona. Akatero wogula amayendetsa chala m'mbali mwa khosi kumva ngati ma fret akukanda, n'kuliza nsambo iliyonse pa fret iliyonse, imodziimodzi mpaka kumapeto, ngakhale wogulitsa ayambe kuyang'ana wotchi. Pa fret ya 12 nsambo ziyenera kutalikira pafupifupi mamilimita 2, ndipo mawu a pamenepo afanane ndi a nsambo yosakanikiza, kungoti okwera. Pomaliza m'pamene amalowetsa chingwe, kuchigwedeza polowera, kuzunguza zokwezera mawu zonse, ndi kugogoda pickup iliyonse mopepuka ndi kandalama kachitsulo kuti amve ngati ili moyo.

Pa gitala yogwiritsidwapo kale ntchito, ma fret atatu kapena anayi oyambirira ndiwo amaulula zaka zake. Akakhala ndi timaenje pansi pa nsambo, ntchito yodula ikubwera. Penti wokalika ndi mabala a pathupi alibe vuto, ndipo amathandiza potsitsa mtengo. Fender Standard yakale ya ku Mexico, yomwe inalowedwa m'malo ndi Player mu 2018, ikapezeka ili bwino pa mtengo wa Classic Vibe yatsopano, imeneyo ndi yosasiya, chifukwa ngakhale podzaigulitsa siluza kwambiri.

Ndalama zonse zisathere pa gitala. Pacifica yolumikizidwa ku ampu yabwino imamveka bwino kuposa Fender ya ku America yolumikizidwa ku kaampu ka sipika yong'ambika. Boss Katana, yomwe inatuluka mu 2016, yakhala yotchuka chifukwa ili ndi zokometsera mawu m'kati mwake momwemo, ndipo Peavey Bandit yakale imapirira nkhanza za pamsewu. Kwa woyimba wa kutchalitchi komwe kuli kale mikisa ndi masipika, kabokosi kopondaponda ngati Zoom G1 Four, komwe kamayendanso ndi mabatire anayi a AA, kangalowe m'malo mwa ampu pa mtengo wochepa kwambiri. Gitala payokha ilibe nazo ntchito kuti yachokera dziko liti, koma ampu ili nazo. Magetsi a ku America ndi a mavoti 120, a ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain ndi a 230, ndipo ampu ya ku America ikalumikizidwa kukhoma kuno popanda thiransifoma ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Ya ku Britain imabwera ndi pulagi ya mano atatu yofanana ndi ya kuno. Dzino lachitatulo, la waya wopita pansi, lisadulidwe ndipo lisalambalalidwe ndi mawaya ongolowetsa m'soketi, chifukwa nsambo za gitala n'zolumikizana ndi chitsulo cha ampu. Keith Relf, yemwe anali woyimba wa bandi ya Yardbirds, anafa mu 1976 kunyumba kwake atagwidwa ndi magetsi akuyimba gitala yolumikizidwa ku zida zopanda waya wotereyu.

Mitengo ya madola yomwe yatchulidwayi ndi ya kusitolo ya kunja. Ikafika kuno pamawonjezeka zonyamulira, msonkho wa pachipata ndi kusinthasintha kwa kwacha, yomwe mu Novembala 2023 inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ambiri amadalira abale a ku South Africa, gitala n'kuyenda pa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, itapanikizidwa pakati pa mafiriji ndi zikwama. Paulendo wotere chikwama cholimba n'chofunika, ndipo nsambo zimasulidwe pang'ono. Pacifica, Squier ndi ena a khosi lomanga ali ndi mwayi wina: masikuluwu anayi aja akamasulidwa, thupi ndi khosi zimalowa m'sutikesi pakati pa zovala, n'kudzamangidwanso pofika.

Wotumidwayo auzidwenso kuti m'chikwamamo aponyemo mapaketi angapo a nsambo, za 9 mpaka 42 kwa wophunzira kapena za 10 mpaka 46 kwa wa dzanja lolemera, chifukwa m'nyengo ya dzinja, makamaka m'mbali mwa nyanja, nsambo zimachita dzimbiri m'masabata ochepa ngati sizipukutidwa ndi kansalu kouma akamaliza kuyimba. Nsambo zokutidwa ngati za Elixir zimadula kuwirikiza kawiri kapena katatu koma zimakhalitsa. Asaiwalenso kachipangizo kochunira kopana kumutu, chingwe chimodzi chabwino, ndi timaalenki tomwe timabwera m'kathumba ka pulasitiki m'katoni ya gitala yatsopano, tomwe anthu ambiri amataya pamodzi ndi katoniyo. Ena mwa magitala a Fender a ku America amafuna maalenki a muyeso wa mainchesi, omwe m'mahadiweya ambiri akuno sapezeka.